Buku Loyenda M'manja: Mmene Mabwenzi Amauzirana Nthano Zoti Awerenge

M'dziko la Malawi, momwe masitolo ogulitsa mabuku ndi owerengeka ndipo ambiri mwa iwo amadalira mabuku a sukulu ndi a chipembedzo kuti apeze phindu, buku la nkhani yopeka limafika kwa woliwerenga kawirikawiri kudzera m'manja mwa mnzake amene waliwerenga kale ndipo walephera kusunga mumtima zimene wapezamo. Nkhani yopeka ndi nkhani imene mlembi amaiumba m'mutu mwake, ngakhale itafanana motani ndi zochitika zenizeni, ndipo imabwera m'mitundu iwiri ikuluikulu, yomwe ndi nthano yaitali imene imadzaza buku lonse ndi nthano yaifupi imene munthu amatha kuimaliza asananyamuke pamene wakhala. Kumayiko kumene ntchito yosindikiza mabuku inazika mizu kalekale kuli anthu olembedwa ntchito yowerenga mabuku atsopano ndi kulemba ndemanga zake m'nyuzipepala sabata ndi sabata, kulinso makampani amene amathira ndalama zambiri potsatsa buku lisanatuluke n'komwe, pamene kuno ntchito ziwiri zonsezi, yotsatsa ndi younika, zimagwera munthu wamba amene amauza mnzake pa nthawi ya nkhomaliro ku ofesi, m'minibasi kapena pa foni kuti pali buku lina loti asaliphonye. Chifukwa cha ichi, zimene mabwenzi amauzana zili ndi mphamvu yoposa imene eni akewo amaiganizira, pakuti ndi zomwe zimasankha buku loti likhale ndi moyo ndi buku loti lizingodyedwa ndi njenjete pashelefu.

Munthu akamauza mnzake kuti awerenge buku lakutilakuti amakhala akumupempha chinthu chodula, chomwe ndi nthawi yake, popeza nthano yaitali ya masamba 300 imatha kudya madzulo a sabata yathunthu kapena kuposerapo kwa munthu amene amaweruka mochedwa ndipo kumene amakhala magetsi amazimazima. Apa m'pamene uphungu wa bwenzi umasiyana ndi wa katswiri wa zolembalemba, chifukwa katswiri amalidziwa bwino buku koma sadziwa amene adzaliwerenge, pamene bwenzi limadziwa kuti uyu amatopa msanga ndi nkhani yoyenda pang'onopang'ono, kuti uyo waferedwa kumene ndipo sangapirire nkhani ya maliro, ndiponso kuti winayo amakonda nkhani za zigawenga ndi apolisi ngakhale amachita manyazi kuvomera pagulu. Pofotokoza, bwenzi lodziwa ntchito yake limayamba ndi ampangankhani, omwe ndi anthu opezeka m'nthanomo, makamaka mpangankhani wamkulu amene zochitika zonse zimazungulira pa iye, kenaka limakhudza pang'ono tsatanetsatane wa nkhani, kutanthauza ndondomeko ya mmene zinthu zikutsatanirana kuchokera pachiyambi, koma limaima lisanafike pampondachimera, pamene mkangano wa m'nkhaniyo umafika posabwerera m'mbuyo ndipo zobisika zimayamba kuululika. Kuulula mathero ndi mlandu waukulu pakati pa owerenga, moti anthu amatha kukhalirana chete masiku angapo chifukwa wina watchula msanga dzina la wakupha m'nkhani imene mnzake anali asanafike nayo n'pakati pomwe.

Ambiri mwa owerenga amene lero ali ndi zaka zapakati pa 40 ndi 60 anaphunzira mwambo umenewu kusukulu za sekondale zogonera komweko, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene mabuku a Pacesetters anali m'kamwam'kamwa. Awa anali mabuku ang'onoang'ono a m'Chingerezi chosavuta, olembedwa ndi alembi a mu Africa, amene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, ndipo nkhani zake zinali za chikondi, katangale, umbava ndi moyo wa m'tauni. Mmodzi mwa alembi ake anali Mmalawi, Dede Kamkondo, amene analemba Truth Will Out. Pambali pawo pankayenda mabuku a James Hadley Chase, amene anyamata ankawakonda chifukwa cha mfuti ndi ndalama zobedwa, komanso a Mills & Boon, amene ankatchedwa a atsikana ngakhale anyamata ambiri ankawawerenga mwakabisira. Buku limodzi linkatha kuzungulira hositelo yonse pa teremu imodzi. Linkakutidwa ndi pepala la khaki kapena la nyuzipepala, mwina pofuna kuliteteza, mwina pofuna kuti mphunzitsi woyang'anira pulepu, yomwe ndi nthawi yowerenga madzulo m'kalasi, aliyese buku la sayansi, ndipo mkati mwa chikuto munkalembedwa maina a anthu odikira, aliyense n'kumakhwatcha lake akamaliza. Wolandira buku ankapatsidwa usiku umodzi kapena uwiri basi, ndipo ankaliwerenga ndi tochi atafunda bulangeti kumutu komwe magetsi atazimitsidwa. Likamafika kwa munthu wa khumi masamba omaliza ankakhala atathothoka, motero amene analiwerenga lisanawonongeke ankasanduka munthu wofunika kwambiri, chifukwa ankakhala pabedi pake n'kumafotokozera anzake mmene nkhaniyo inathera, nthawi zina akuthiramo mchere wake, ndipo panalibe womutsutsa popeza umboni unali utatayika.

Alembi a m'dziko muno ankadziwa bwino kuti mbiri ya buku imayenda ndi anthu. Aubrey Kalitera, atasindikizitsa mabuku ake oyamba ku Kenya m'zaka za m'ma 1970, anayambitsa kampani yakeyake yotchedwa Power Pen Books, ndipo mabuku monga Why Father Why, lomwe linatuluka mu 1982, ankawalemba, kuwasindikiza ndi kuwagulitsa yekha, malonda amene sangayende pokhapokha kalaliki mmodzi akagula n'kukondwera nalo, ofesi yonse imve. Ku Limbe, kampani ya Popular Publications, imene inali m'manja mwa mpingo wa Katolika ndipo inkatulutsanso magazini ya Moni, inayamba m'zaka za m'ma 1970 kusindikiza mndandanda wa mabuku a alembi a ku Malawi, ndipo pamodzi ndi Dzuka Publishing Company inathandiza kuti zaka za m'ma 1980 zikhale nyengo ya zokolola zambiri za nthano zazitali za m'Chichewa. Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata, pamene Whyghtone Kamthunzi anadziwika ndi Agnesi ndi Mphunzitsi Wake, mwa mabuku ena. Mabuku amenewa anali ndi mwayi umene a m'Chingerezi analibe, chifukwa ankatha kudumpha mpanda wa sukulu n'kukafika pakhonde, pomwe mwana wa sukulu ankawerengera mokweza amayi ake kapena agogo ake amene sanapite patali ndi maphunziro, ndipo omverawo ankayankhira, kudzudzula mpangankhani wachinyengo ndi kumvera chisoni mwana wamasiye. Ku Zambia njira ya khutuyi inali yamphamvu koposa, moti nkhani za m'Chinyanja za Julius Chongo, zimene ankazikamba pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, zinkafika kwa anthu amene sanagwirepo buku la nthano chibadwire.

Panalinso nthawi imene kuuza munthu za buku kunkafuna kuyamba wamuyeza mtima. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo m'zaka za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda bungwe limeneli linaletsa mabuku mazanamazana, ena pa zifukwa za ndale, ena pongowaona ngati olaula. Sam Mpasu anamangidwa mu 1975 popanda kuzengedwa mlandu, nthano yake yotchedwa Nobody's Friend itaganiziridwa kuti ikunena za mtsogoleri wa dziko, ndipo anakhala m'ndende zaka zoposa ziwiri. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 ndipo anatuluka ku ndende ya Mikuyu mu 1991. Legson Kayira anatulutsa The Detainee mu 1974 ali kunja kwa dziko. M'nyengo yotere buku loletsedwa linkalowa m'dziko litabisidwa pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo linkaperekedwa kwa munthu yekhayo amene mwini wake anali wotsimikiza kuti ali ndi chifuwa, chifukwa kungopezeka nalo kunali kokwanira kumuika munthu m'madzi otentha. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba kukumana mu 1970, linali amodzi mwa malo ochepa kumene anthu ankawerengerana zolemba zawo ndi kuuzana zimene awerenga, ngakhale kumenekonso mawu ankasankhidwa mosamala. Ufulu umene unadza ndi referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 unachotsa mantha amenewa, koma sunadzaze masitolo ndi mabuku, ndipo m'zaka zomwezo bungwe la boma la Malawi Book Service, limene linkagulitsa mabuku m'madera angapo a dziko, linafooka mpaka kutha.

Lero buku la nkhani yopeka limalowa m'gulu la mabwenzi kudzera m'makomo angapo, ndipo lodziwika kwambiri ndi la kaunjika, kutanthauza mabuku owerengedwa kale ochokera kunja amene amayalidwa m'mbali mwa misewu ya ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pamenepo munthu amapeza John Grisham, Danielle Steel ndi Sidney Sheldon atasakanikirana ndi mabuku a sukulu ndi a malangizo a kalemeredwe, pa mtengo wonenerera, koma amatenga chimene chabwera, osati chimene anauzidwa kuti afune. Buku latsopano lochokera kunja ndi lodula, ndipo linakweranso mtengo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero ambiri amadikira m'bale kapena mnzawo wochokera ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Britain, kumene masitolo a mabungwe achifundo amagulitsa mabuku akale pa mtengo wotsika. Wapaulendo wotere amatumiziridwa maina a mabuku pa WhatsApp masabata angapo asananyamuke, ndipo tsiku lolongedza amayenera kusankha pakati pa nsapato za ana ndi buku la masamba 500, popeza makilogalamu a katundu wa m'ndege ndi owerengeka. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo lakhala likulandira mabuku kuchokera ku mabungwe monga Book Aid International, koma aliyense amene analowamo pa nyengo ya mayeso amadziwa kuti mipando imadzaza ndi ophunzira obwera ndi manotsi awo, pamene mashelefu a nthano amasowa owayendera.

Mphotho zakunja zili ndi gawo lalikulu pa zimene owerenga a m'mizinda amauzana, chifukwa dzina la wopambana limamveka pa wailesi ndi pa intaneti tsiku lomwelo, buku lake lisanaoneke paliponse. Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar ndipo wakhala ku England kuyambira ali mnyamata, analandira mphotho ya Nobel mu 2021, ndipo ngakhale kumayiko olemera mabuku ake anayamba asowa m'masitolo chifukwa ogulitsa sanayembekezere. Nthano yake ya Paradise, ya mu 1994, imakamba za mnyamata Yusuf amene bambo ake anamupereka kwa wamalonda wolemera ngati chikole cha ngongole, ndipo amayenda pa ulendo wa malonda kuchoka kugombe kulowa mkati mwa Africa. Bwenzi loganiza bwino lingalipereke buku limeneli kwa munthu wa ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankachita malonda a mtundu womwewo a minyanga ndi akapolo, chifukwa iye adzaliwerenga ndi maso ena. The Old Drift ya Namwali Serpell wa ku Zambia, imene inatuluka mu 2019 ndipo inapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020, imatsata mabanja atatu kwa zaka zoposa 100, imalowetsamo Edward Mukuka Nkoloso ndi maloto ake otumiza Azambia kumwezi, ndipo pakati pa mitu pamayankhula khamu la udzudzu. Ndi buku la masamba oposa 500 lofuna munthu wofatsa, ndipo kulipereka kwa munthu amene wangoyambiranso kuwerenga patatha zaka zambiri ndi kumuthamangitsa. Woteroyo angayambe ndi Patchwork ya Ellen Banda-Aaku, nkhani ya kamtsikana ka ku Lusaka kotchedwa Pumpkin, imene ndi yaifupi ndipo imagwira munthu msanga. Glory ya NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe, ya mu 2022, imene ampangankhani ake ndi nyama za m'dziko lopeka lotchedwa Jidada ndipo imatengera kugwa kwa Robert Mugabe mu 2017, imaseketsa mowawa munthu amene anavinapo pabwalo la ndege podikira mtsogoleri, pamene wobadwa pambuyo pa 1994 angaione ngati yobwerezabwereza. Paulina Chiziane wa ku Mozambique, amene analandira mphotho ya Camões mu 2021, analemba Niketche, nkhani ya Rami, mkazi wa mkulu wa apolisi amene atazindikira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena anawafunafuna n'kuwasonkhanitsa. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi pa dzina loti The First Wife, ndipo n'zodandaulitsa kuti nkhani ya dziko loyandikana chonchi, yokhudza mitala imene amayi a kuno amaidziwa bwino, imayenera kuyamba yadzera kutsidya la nyanja kuti ifike kwa owerenga a ku Mulanje kapena ku Dedza.

Pa mabuku a Amalawi olembedwa m'Chingerezi, limene limatchulidwa msanga ndi Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza, la mu 1992, limene limalumikiza moyo wa Mchere, wogwira ntchito kophikira buledi, ndi wa Chola, mtolankhani, pansi pa boma lopondereza, ndipo pafupi nalo pamabwera Sugarcane with Salt la James Ng'ombe, la mu 1989. Mwa a m'badwo wotsatira, Stanley Onjezani Kenani anafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012, ndipo nthano zake zazifupi zinasonkhanitsidwa m'buku la For Honour and Other Stories, pamene Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani yochitika mu Africa zaka 500 zikubwerazo, ndiponso anayambitsa Story Club ku Lilongwe, bwalo lokumanirapo alembi ndi owerenga. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene linayamba mu 1995, lakhala likuchititsa mipikisano ya nthano zazifupi, ndipo nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, Malawi News ndi Weekend Nation, zakhala zikusindikiza nthano zazifupi kwa zaka zambiri. Vuto lili apa ndi lakuti bwalo la alembi ndi laling'ono, moti wolemba buku amakhala mnzake wa kusukulu wa wowerenga, kapena mlamu wa mnzake, kapena wopemphera naye mpingo umodzi, ndipo m'malo otere buku lililonse limatamandidwa tsiku lokhazikitsa, anthu n'kugula pa mtengo wokwera pofuna kulemekeza mlembi, kenaka n'kukaliika pakabati osalitsegulanso. Kutamanda kotere sikuthandiza mlembi, amene sauzidwa kuti mutu wachitatu ndi wotopetsa, ndiponso kumapha chikhulupiriro cha wowerenga, amene akanamizidwa kawiri amaleka kumvera akauzidwa za buku la Mmalawi ngakhale litakhala labwino zedi.

Kunena zoona pa buku kumavutanso chifukwa cha ulemu. Anyamata a msinkhu umodzi amatha kuuzana mosabisa, wina n'kunena kuti, "Aise, buku lako lija ndalisiyira panjira, nkhani yake sikuyenda," ndipo winayo amangoseka n'kuyankha kuti apirire mpaka mutu wachisanu. Zinthu zimasintha buku likachokera kwa munthu wamkulu. Wachinyamata amene wapatsidwa buku ndi amalume ake, amene analitamanda usiku wonse, sanganene kuti lamugonetsa tulo, ndipo akafunsidwa amangoti, "Ndikadali nalo, amalume, ndikuliwerenga mofatsa," mawu amene onse awiri amadziwa tanthauzo lake. Chimodzimodzinso wantchito amene wabwerekedwa buku ndi bwana wake. M'magulu owerenga, momwe anthu angapo amagwirizana kuwerenga buku limodzi pa mwezi n'kukumana kuti akambirane, vuto limeneli limaoneka mwa njira ina, chifukwa amene anaphunzira zolembalemba ku yunivesite amatenga bwalo lonse ndi mawu akuluakulu, ndipo namwino kapena wowerengera ndalama amene anaona chinthu chenicheni m'nkhaniyo, monga kuti mayi wa m'nthanomo sakanachita zimene mlembi wamuchititsa, amakhala chete poopa kuoneka wosadziwa. Magulu amene amakhalitsa ndi aja amene amalola munthu kunena kuti buku silinamukomere popanda kumufunsa satifiketi, ndiponso amene amasinthana udindo wosankha buku kuti zokonda za munthu mmodzi zisalamulire chaka chonse.

Nkhani ya kubweza ndi yakale ngati kubwereka komwe. Akuluakulu anati kupatsa n'kuikiza, ndipo wobwereketsa buku amayembekezera kuti tsiku lina nayenso adzalandira lina, koma amadziwanso kuti buku likatuluka pakhomo limapeza abale ena, popeza wobwereka amalipatsira mchemwali wake, amene amalitengera kuntchito, kumene wina amalitenga popita kumudzi. Ena amalemba dzina lawo patsamba loyamba, pa tsamba lina la mkati ndiponso m'mphepete mwa masamba buku litatsekedwa. Ena amasunga kope la maina a obwereka. Ena anaganiza zongosunga mabuku awiri kapena atatu amene satuluka m'nyumba zivute zitani. Kulondola buku kumachititsa manyazi kuposa kulondola ngongole ya ndalama, chifukwa wolondolayo amaoneka waumbombo pa chinthu chimene anthu ambiri sachiwerengera mtengo.

Foni yam'manja yachepetsa vuto limeneli n'kubweretsa lina. Buku likhoza kutumizidwa tsopano ngati fayilo ya PDF, yomwe ndi chithunzi cha masamba onse chowerengeka pa foni kapena pa kompyuta, ndipo munthu mmodzi akaliponya pagulu la WhatsApp anthu 200 amakhala nalo nthawi yomweyo popanda wodikira mnzake kapena wodandaula za masamba othothoka. Kwa wophunzira wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene sitolo ya mabuku ili kutali ndi kwawo ndipo ndalama alibe, iyi ndiyo njira yokhayo yokumanirana ndi Chimamanda Ngozi Adichie kapena Tsitsi Dangarembga, ndipo n'kovuta kumuweruza. Komabe kubwereketsa buku limodzi logulidwa n'kosiyana ndi kulichulukitsa, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la Copyright Society of Malawi limayang'anira, limaletsa kuchulukitsa ntchito ya munthu popanda chilolezo chake. Amene amapwetekeka kwambiri ndi mlembi wa kuno, amene nthawi zambiri amalipira yekha kosindikizira, n'kusunga makatoni a mabuku kuchipinda kwake, kulandira malipiro pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi kutumiza buku pa basi kwa wogula. Fayilo yake ikangotuluka, makatoni aja sasunthanso. Mabwenzi ena amasonkherana n'kugula buku limodzi kwa mlembi mwiniwake kuti lizizungulira pakati pawo monga kale, ndipo ngakhale mlembiyo amagulitsa limodzi m'malo mwa asanu, amapezako kangachepe ndiponso amadziwa kumene buku lake lapita.

Chimene chikusowa kwambiri m'macheza onsewa ndi nthano yaitali ya m'Chichewa. Munthu wophunzira akafunsidwa buku labwino limene wawerenga posachedwapa amatchula la m'Chingerezi, ndipo akakumbutsidwa za Nthondo ya Samuel Josia Ntara, imene inapata mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina loti Man of Africa, kapena za Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, amaseka n'kunena kuti amenewo ndi a mayeso. Mawu amenewa akuloza gwero limodzi la vutoli, pakuti buku limene munthu anakumana nalo koyamba ngati katundu woloweza, akusaka mfundo zazikulu ndi makhalidwe a ampangankhani kuti akayankhe mafunso a MSCE, silibwera m'maganizo mwake pamene akufuna chomusangalatsa, ngakhale kuti Nthondo, nkhani ya mwana wovuta amene anakula ndi kuba, n'kupita kukagwira ntchito kutali, n'kudzakhala mfumu, imawerengeka mosiyana kwambiri kwa munthu wa zaka 40 amene walerapo ana akeake. Gwero lina ndi la malonda, chifukwa osindikiza amabwereza kusindikiza buku limene lili pa silabasi, popeza ndi limene sukulu zimagula, ndipo limene lachotsedwapo kapena silinalowepo limasowa pang'onopang'ono mpaka kutsala m'mabokosi a aphunzitsi opuma ntchito. Mabuku otere ali ngati mbewu ya mbatata, imene anansi amapatsana okhaokha ndipo ikangodumpha dzinja limodzi osabzalidwa imasowa mudzi wonse. Wachinyamata amene sanaonepo buku la Ntaba kapena la Kamthunzi sangauze mnzake za ilo, ndipo amene analiwerenga mu 1988 alibe choti apereke m'manja akamalitamanda.

Izi sizikutanthauza kuti anthu aleka kuwerenga nkhani zopeka m'Chichewa. Pa Facebook pali masamba amene amatulutsa nthano za m'Chichewa m'zigawozigawo, gawo limodzi lero lina mawa, zambiri za chikondi, ufiti, apongozi ndi chuma chamasiye, ndipo owerenga amaitanana potchula maina a anzawo pansi pa nkhaniyo, kukangana za mpangankhani amene walakwa ndi kukalipira mlembi akachedwa kutulutsa gawo lotsatira. Zambiri mwa nkhani zimenezi zimalembedwa mothamanga pa foni, popanda mkonzi woona kalembedwe ka mawu kapena woletsa mlembi kutalikitsa nkhani imene inayenera kutha pa gawo la 20, ndipo tsamba likatsekedwa zimatha nalo limodzi. Owerenga ake ndi ochuluka kuposa amene buku losindikizidwa la m'Chichewa lingawapeze lero, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu amene sadzitcha owerenga mabuku ndiponso saitanidwa ku magulu owerenga a m'mizinda, monganso a m'magulu amenewo sawerengera nkhani za pa foni pamene akufunsana zimene awerenga mwezi uno.